Masiku Amene Pemphero Linkayenda Wapansi

Ana inu, Chikhristu chimene tinachipeza ife kuno kuchigwa cha Mtakataka chinali chosafulumira. Ansembe a White Fathers, amene anamanga misasa yawo ku Mua mu 1902 kenaka n'kudzatsegula Mtakataka mu 1908, anali ndi lamulo lakuti munthu wamkulu wofuna ubatizo aphunzire zaka zinayi zathunthu. Agogo athu aamuna ankasimba kuti ena ankafika chaka chachinayi imvi zitayamba, akalephera mafunso a katekisimu n'kubwezedwa, ndipo ankabwerera kumudzi osakwiya, n'kukayambanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero agogowo, uku akufwenkha fodya wawo wamphuno.

Wotiphunzitsa kumudzi sanali wansembe ayi. Anali aphunzitsi a katekisimu, bambo wa njinga yakapalasa yomangamanga ndi mphira, amene ankatikhazika pansi pa mlambe, iwo akafunsa ife n'kumayankha tonse pamodzi mpaka mawuwo atakhazikika m'mutu. Ambiri mwa amayi athu sankadziwa kuwerenga, koma nkhani ya Yobu, ya Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake, ya mwana wolowerera, ankazilongosola akupeta mpunga osaphonya ndi pamodzi pomwe. Anansi athu a mpingo wa Nkhoma ankatiseka ndithu, poti iwo Buku Lopatulika anali nalo kuchokera mu 1922, lokulungidwa m'nsalu n'kupachikidwa patsindwi kuopa chiswe, pamene ife tinadikira mpaka 1966 kuti tigwire Malembo Oyera. Ife tinkawabwezera kuti iwo Mawu amawasunga patsindwi, ife tawasunga pamtima. Kunali kunyogodolana chabe. Pamaliro tonse tinkasenza chithatha chimodzi, ndipo pofika mu 1998 tinapatsidwa Buku Loyera lowerenga tonse.

Chimene sindiiwala ndi korona wa madzulo, makamaka mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa kuno kumalowa mpaka m'mafupa ndipo nthaka imapumabe moto dzuwa litalowa kale. Tikatha nsima ya usipa, amayi ankayala mkeka pabwalo, koloboyi akufuka utsi wa palafini, ndowe zouma zikunyeka pambali kuthamangitsa udzudzu. Korona wawo anali wothetheka ndi zala, pamene anadukapo atalumikiza ndi ulusi wa thonje la m'munda mwathu. Tinkagwada mpaka mkeka utadinda mizere m'mawondo. Wina akayamba kusinza ankadzidzimuka ndi chala cha amayi m'nthiti, pemphero osadukiza. Nthawi zina osinzawo anali amayi omwewo, atatopa ndi khasu, koma milomo yawo inkapitirizabe yokha.

Pa Pasaka anthu ankabwera wapansi kuchokera ku Golomoti ndi kumidzi ya m'mbali mwa nyanja, ufa ndi nsomba zowamba pamutu, n'kudzagona pa mishoni kuti alape machimo ndi kulandira Ukaristia. Nsapato, kwa amene anali nazo, zinkayenda paphewa n'kuvalidwa pakhomo la tchalitchi. Mkatimo munkamveka fungo la lubani losakanikirana ndi thukuta, Misa ili m'Chilatini, wansembe atatifulatira. Sitinkamva, komabe tinkayankha molimba mtima. Ndiye muganize chimwemwe chake mu 1957, pamene Ambuye Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa Chikatolika mwa ana a dziko lino, anadzozedwa kukhala episkopi wa Dedza. Nkhalamba zinkalira, zikuti zaona ndi maso zimene zinkayesa n'zosatheka.

Kupirira tinakuphunzira kwa odwala khate. Ku Mua kunali malo awo osungirako kuyambira mu 1927, ndipo ife ana tinkawaopa, sindibisa. Koma ndinaona mayi wina wopanda zala atapanira korona pakati pa zikhatho ziwiri, akusuntha mkanda umodziumodzi ndi mlomo, nkhope ili phee. Sankapempha kuti zala zimere. Amayi athunso, posimba za njala ya 1949 pamene anthu ankakumba mizu ndi kusinja malambe, sankanena kuti pemphero linagwetsa chimanga kumwamba. Ankangoti linawathandiza kudzuka m'mawa mwake, n'kugawa kachakudya komweko ndi mwana wa mnansi.

Musandimve molakwa, sikuti zonse zinali zosalala. Munthu wopezeka kudambwe ankaletsedwa masakramenti, ndipo mabanja ena anang'ambika pakati chifukwa cha gule. Agogo akanadzuka lero n'kuona zigoba za gule wamkulu zitayalidwa bwinobwino ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa pa mishoni ya Mua mu 1976, akanagwira pakamwa, mwina kenaka n'kuseka.

Masiku ano Mawu a Mulungu achuluka, ndipo ndikuthokoza. Maso anga atafooka, Radio Maria ya ku Mangochi ndiyo imandiwerengera, ndipo adzukulu anga ali ndi Baibulo lonse m'foni. Chimene chimandidabwitsa ndi changu. Zokuzira mawu zimachezera usiku wonse pamsika, aneneri akulonjeza ntchito, banja ndi ulendo wa ku Joni sabata isanathe, ndipo mnyamata akapemphera mwezi umodzi osayankhidwa wasamukira kale mpingo wina. Sindiwaweruza, umphawi umawawa ndipo wanjala sauzidwa kuti adekhe. Koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ndimada nkhawa ndi mwana amene sanaphunzitsidwe chochita Mulungu akakhala chete, poti masiku otero sasowa pa moyo wa munthu.

Kumene ndimakapezabe kachikale kaja ndi ku mphakati, umene unayamba m'zaka za m'ma 1970 ife tili kale ndi mabanja. Kumeneko tikadali kukhala pamkeka, kuwerenga ndime imodzi n'kuitafuna pang'onopang'ono, kenaka n'kusonkherana ufa ndi nkhuni za wodwala kapena wofedwa. Sabata ino mphakati uli pakhomo panga. Bwerani ndi mafoni anuwo mudzatiwerengere, poti zilembo za m'buku langa zachepa, koma mudzadye kaye kwanu, chifukwa ife tikayamba korona sitimudula pakati.