Tiyeni Tiuzire Phala

Ndikapita kwathu ku Blantyre pa tchuthi, ndimathandiza kuphunzitsa kalasi ya ana aang'ono ku Sukulu ya Sabata. Sabata lina mu Disembala 2023, mvula inayamba tili m'kati moimba. Malata atangoyamba kusokosera, kamtsikana kena ka zaka zinayi kanathawira pansi pa benchi, kakulira mosatonthozeka.

Ndinachita zomwe akuluakulu ambiri timachita. "Tonthola iwe, tili m'nyumba ya Mulungu!" Kanangowonjezera kulira. Titaweruka, mayi ake anandiuza kuti ankakhala ku Chilobwe pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi chaka chomwecho. Nyumba yawo inapita. "Aphunzitsi," anatero, "mwina kukachita mitambo ndizingomusiya kunyumba." Ndinachita manyazi. Mwana anali ndi mantha enieni, ine ndinaona ngati chibwana.

Mnzanga amene akuphunzira unamwino anandifotokozera kuti munthu akachita mantha, mtima umagunda mofulumira ndipo amapuma pafupipafupi, mpweya ukungothera pachifuwa. Koma akakoka mpweya mpaka mimba kufufuma, n'kuutulutsa pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo kuposa yokokera, mtima umayamba kugunda modekha ndipo thupi limamasuka. Vuto ndi lakuti mwana wa zaka zinayi sungamuuze kuti "khazika mtima pansi" iye n'kumva. Koma phala lotentha amalidziwa.

Sabata lotsatira ndinauza ana onse kuti apinde manja ngati agwira kapu ya phala. "Nunkhizani ndi mphuno: modzi, wiri, tatu. Tsopano uzirani pang'onopang'ono, lisatayike: modzi, wiri, tatu, nayi, sanu." Tinachita kasanu. Ena anaseka, wina anafunsa ngati muli shuga. Tinabwereza Sabata lililonse tisanagwade kupemphera, kunja kuli dzuwa, chifukwa mwana saphunzira chinthu chatsopano ali pakati pa mantha.

Kumayambiriro kwa Januwale mvula inatipezanso m'kalasi. Kamtsikana kaja kanandithamangira n'kugwira siketi yanga. Sindinakauze kuti katonthole. Ndinagwada, n'kupinda manja anga, n'kuyamba kuuzira phala langa ndekha. Apo ndinazindikira kuti nanenso mtima unali kundithamanga. Nditauzira kachitatu, timanja take tinapindika. Kanali kunjenjemerabe, koma kanakhala nafe mpaka nthano inatha.

Sindikunena kuti kanachira tsiku lomwelo. Usiku kankalotabe zoopsa, ndipo ndinalimbikitsa mayi ake kuti akaonane ndi a zaumoyo. Kupuma mozama sikulowa m'malo mwa thandizo lotere, kapena pemphero. Kumangopatsa mwana chochita ndi thupi lake pamene mantha afika.

Ife a Adventist timatchula mpweya wabwino pakati pa mankhwala achilengedwe, monga Ellen White analembera m'buku la The Ministry of Healing mu 1905. Ndinkaganiza kuti nkhani yake ndi yotsegula mawindo basi. Sindinkadziwa kuti ingafike pansi pa benchi.

Inu amene mumaphunzitsa ana kumipingo kwanu, yesani Sabata likubwerali, mvula isanabwere. Mphindi imodzi yakwana. Ine ndimauzira phala langa ngakhale pakhomo la chipinda cha mayeso, ndipo anzanga anasiya kundiseka.