Ndege Ithamanga, Koma Siifika Pakhomo

Abale anga a kunyanja amakonda kundiuza kuti masiku ano mtunda unatha chifukwa kuli ndege. Ine amene ndimakhala ku Guilleme, m'boma la Mchinji, ndimawapempha kuti tiwerengere limodzi.

Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 250 mumlengalenga, ndipo ndege siikwanitsa ola limodzi. Pa msewu wodzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa mtundawo umapitirira makilomita 300, ndipo basi imadya maola anayi kapena asanu.

Komatu ndegeyo siinyamuka pakhomo panga. Ndiyambe ndadikira minibasi kuti idzaze, ndifike ku Lilongwe, ndikwerenso ina ya ku Lumbadzi, ndikafike nthawi isanakwane kuti andilembe. Ndikatera ku Chileka, Mangochi akadali kutsogolo makilomita pafupifupi 200, kudzera ku Zomba ndi Liwonde. Tsiku latha, thumba nalonso lauma.

Masamu amenewa ndinawaphunzira pa maliro a malume anga. Uthenga unandipeza m'mawa, ndipo mwa mwambo wathu maliro sagonetsedwa. Ndinakwera basi yodzera ku Golomoti, koma ndinapeza ataikidwa kale. Ndegenso sikanandifikitsa.

Choncho abale, wathu akadwalika musadikire kuti zifike poipa. Tiuzeni ife akutali msanga, tidzamuone akadali ndi mphamvu zotipatsa moni.