Kabulangeti ka Zigamba Kopita kwa Msakambewa

Ndalama imene ndimatumiza kumudzi sifika pathupi pa amayi anga. M'manja mwawo imafika, koma sigonamo. Akangoitapa kwa ejenti ku Dowa boma, ina yapita ku feteleza, ina ku yunifolomu ya mwana wanga amene akundilerera, ina chipepeso pamaliro a mudzi woyandikana nawo, yotsalayo chopereka Lamulungu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndiye zinanyanya, ndalama imatha asanakwere n'komwe kabaza wobwerera kunyumba. Bulangeti lalikulu la chithunzi cha kambuku limene ndinawagulira kuno ku Johannesburg likadali m'pulasitiki yake, pansi pa sutikesi. Akuti ndi la alendo. Alendo ake ati? Kapena abusa akadzagona pamudzi, kapena ine ndemwe ndikadzabwera, ndidzafunde mphatso yanga yomwe.

Chaka chino ndawachenjerera. Ndikusoka chofunda choti sangachisungire mlendo. N'chaching'ono, mita imodzi m'lifupi, mita ndi masentimita 20 m'litali, chongokwana kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi munthu atakhala pansi. Komanso n'cha zigamba. Mayi wa ulemu wake kwa Msakambewa sangatulutse zigamba kuti mlendo afunde, manyazi angamugwire. Chimenechi afunda okha, afune asafune.

Amene sanagonepo kumapiri a Dowa ndi Ntchisi mu Juni ndi Julaye amayesa Malawi yense ndi wotentha. Kwathu m'mawa nkhungu imatsetsereka kuchokera ku phiri la Kongwe n'kudzaza madambo onse, mphepo ya mwera n'kumalowera pansi pa chitseko. Ndiyonso nyengo ya ntchito zokhala pansi, kutong'ola chimanga, kuswa mtedza, kusankha nyemba. Amayi amatandala pakhonde atatambasula miyendo, lichero lili pantchafu, maondo akuwaphwanya ndi nyamakazi, atadziphimba ndi kachitenje kamodzi kopyapyala. Kuno kumazizira kuposa kwathu, poti mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Koma chisanu cha kuno chilibe fungo. Cha kwathu chimabwera ndi utsi wa zitsononkho ndi mbatata yootcha paphulusa, ndipo ndikayamba kuganiza zimenezo tiyi amandizizirira m'kapu.

Zolumikiza zigambazi ndinaziona kwa abwana aakazi kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Iwo amagula nsalu yatsopano yabwinobwino, n'kuiduladula, kenaka n'kuilumikizanso. Nditaona koyamba ndinangoti kukamwa yasa. Kwathu mwana wa kabudula wa zigamba kumbuyo anzake ankamuseka mpaka kujomba kusukulu, pamene kuno olemera amachita kulipira kuti aphunzire kusoka zigamba. Maonekedwe ndinatengera kwa iwo, koma dzanja ndi la amayi. Iwonso anatengera kwa agogo, amene ankanyadira kuti singano anaigwira koyamba ku mishoni ya Kongwe, imene Robert Blake wa mpingo wa Dutch anaitsegula mu 1894, pomwe lero pali sekondale ya dzina lakeyo. Msoko wa agogo ukautembenuza kuseri unali waukhondo chimodzimodzi kumaso. Amayi mpaka pano bulauzi yoyera ya Chigwirizano akailandira kwa telala amayamba aitembenuza, n'kuiyang'anitsitsa, asananene zikomo. Ndikudziwa kuti changachi adzachitembenuzanso.

Nsalu zake ndi za mitundu iwiri. Ina ndi shweshwe yabuluu imene ndinagula ku Oriental Plaza ku Fordsburg, ija amapanga a Da Gama ku Eastern Cape, yokhala ndi chidindo cha amphaka atatu kuseri. Ikakhala yatsopano imakhala gwa ndi sitachi, ndiye uyenera kuichapa kaye kuti ifewe, itaye utoto wotsala, ndiponso ifupike pamene ifupikire usanaidule. Ukaisoka yosachapa imadzakoka zigamba zinzake tsiku lochapa koyamba. Zina ndi zitenje zanga zimene ndinachoka nazo kumudzi. Pali chofiirira cha David Whitehead chimene amayi anandipatsa ndikukwera basi. Pali chobiriwira chamaluwa chimene ndinkaberekera mwana wanga, chimene pakati pake chinapyapyala ndi thukuta la msana wanga ndi mikodzo yake, mwakuti ndangotengako m'mbali mokha. Chimenecho sizasi inakhala nthawi m'manja ndisanadule. Mwanayo tsopano ali Sitandade 5, ndipo pafoni amandipatsa moni waulemu wopatsa mlendo.

Ndinadula kakatoni ka masentimita 12 mbali zonse kuti kakhale muyeso, sentimita imodzi mbali iliyonse ndi ya msoko. Zigamba zonse ndi 120, mizere 12 ya zigamba khumikhumi, shweshwe kusinthana ndi chitenje. Makina ndilibe, ndikusoka pamanja, msoko wobwerera m'mbuyo kuti usamasuke, usiku ndikaweruka, m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja. Mzere ukatha ndimausita misoko yonse itagonera mbali imodzi, wotsatira igonere mbali inayo, kuti pokumana ngodya zinayi pasatupe. Apa ndiye pali ntchito. Ngodya zikaphonyana pang'ono chabe diso limathamangira pomwepo, ndipo diso la amayi silichedwa.

Pakati ndaika bulangeti lakale lopepuka, kunsi nsalu yofewa yaubweya. Zitatuzi ndinaziyala pansi, n'kuzigwiriza ndi misoko italiitali kuyambira pakati kupita m'mbali kuti zisachite makwinya, kenaka pangodya iliyonse ndikumanga mfundo ya ulusi wokhuthala. Abwana amati ndikanaika thonje logula kusitolo. Iwo sadziwa kuti chinthuchi chikachapidwa pamwala kudambo, ndi sopo wamtanda, n'kumenyedwa mpaka mwala kudandaula. Thonje lawolo lingaunjikane ngati nsima ya mwana wophunzira kuphika.

Kwatsala kupinda m'mphepete. Kenaka ndikachipereke kwa anyamata onyamula katundu amene amanyamuka chapafupi ndi Park Station, chidutse Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, chilowe pa Dedza mpaka Lilongwe, kumene achimwene akachilandire n'kukwera nacho ya ku Dowa. Njira imene ineyo sindingaiyende chaka chino. Achimwenewo ndawauziratu kuti akachitulutse m'jumbo iwo eni, akawafunditse amayi pamaondo anthu akuona, jumboyo abwere nayo, kuti pasapezeke posungira.

Lamulungu lapitali ndinalephera kudzigwira, ndinawaululira pafoni. Anayamba akhala chete, kumbuyo kukumveka nkhuku.

"Iwe, chitenje chabwinobwino chija wachidula?"

"Eya amayi, koma ndikusokera inu nomwe. N'cha maondo anuwo."

"Maondo anga anakudandaulira?"

Tinaseka tonse. Kenaka anafunsa ngati pali tizidutswa totsala. Nditavomera, anati nditimange pamodzi ndi chofundacho, makamaka tabuluu tolimbato, chifukwa kabudula wa sukulu wa mdzukulu wawo wang'ambika kumbuyo, ndipo telala wa pamsika wakweza mtengo.