Galimoto Imene Inali Kuzima Poima

Pakati pa matenda a galimoto pali nthenda imodzi yozizwitsa. Galimoto ithamanga bwino lomwe pa mseu, ikwera mapiri osabvutika, koma woyendetsa akangofuna kuima, injini injenjemera pang'ono ndi kuzima. Ambiri aganiza kuti injini yotere yatha nchito. Kawirikawiri si tero ai.

Injini ifuna zinthu zitatu: mpweya, petulo ndi moto wa m'mapulagi. M'magalimoto akale mpweya ndi petulo zisanganizidwa m'cipangizo cochedwa kabyuleta. Mpweya ndiwo uculuka, pakuti poyesa kulemera kwace, magawo 15 a mpweya afuna gawo limodzi lokha la petulo. Galimoto ikamathamanga, citseko ca m'kabyuleta cikhala cotseguka ndipo injini idya mokwana. Poima citsekoco citsekeka. Pamenepo injini izungulira pang'onopang'ono, monga ka 800 pa mphindi imodzi, ndipo petulo wace yense adzera pa kabowo kamodzi kocepa ngati ka singano. Kamcenga kamodzi kakwanira kutseka kabowo ameneka.

Mnyamata wina wa ku Katete anali kuyendetsa vaneti yakale ya amalume ace, kunyamula nshawa kupita nazo ku Chipata. Vanetiyo inayamba kuzima poima, koma iye sanasamale, popeza akailiza inali kulira ndithu. Tsiku lina alikutsika kamtunda m'tauni ya Chipata, matumba ali odzaza, injini inazima asanafike pa mphambano. Anaponda buleki, napeza kuti yauma ngati mwala. Vaneti inaima patatsala pang'ono kuti igunde munthu wa pa njinga amene anabereka mwana wa sukulu kumbuyo. Mnyamatayo sanadziwe kuti injini ikamalira ithandiza phazi kuponda buleki, ndipo ikazima thandizolo licoka.

Makaniko wina wa m'tauni anamuuza kuti agule kabyuleta yatsopano. Amalume ace atamva mtengo wace anapukusa mutu nati, "Tigula bwanji mankhwala tisanadziwe nthenda?" Tsono anamtuma kwa mkulu wina wa ku Katete komweko, amene anakalamba akukonza malole pansi pa mtengo wa mango.

Mkuluyo sanathamangire sipanala. Anayamba ndi mafunso.

"Kodi izima iri yozizira kapena itatentha?"

"Nthawi zonse, agogo."

"Nanga kilachi uponda poima, mwana wanga?"

Mnyamata anacita manyazi ndi funso limeneli, koma linali loyenera. Ophunzira ambiri azimitsa okha galimoto poiwala kilachi, nanamizira injini yosalakwa.

Atatero mkulu anatsegula sefa ya mpweya, nakutumula pfumbi la miseu ya kumidzi. Anamasula mapulagi, naona kuti ali bwino, nawabwezera. Pambuyo pace anamasula kacitsulo kakang'ono ka mkuwa m'kabyuleta, nakaloza ku dzuwa, nauza mnyamata kuti asuzumire. Kuwala sikunaoneke konse. Mnyamata anatola kawaya kuti atokose, koma mkulu anamgwira dzanja.

"Leka! Mkuwa ndi wofewa. Waya akulitsa bowo, ndipo galimoto idzamwa petulo ngati cidakwa."

Anatsuka kacitsuloko m'petulo woyera, atayamba wapitikitsa munthu wina amene anaima pafupi alikukoka fodya. Anakapopa ndi pampu ya njinga kufikira dzuwa linaoneka pa kabowo. Litsiro limenelo linacokera ku petulo wa m'zigubu, amene mnyamata anali kuthira osasefa.

Analiza injini. Sinazime, koma inali kunjenjemerabe. Apa munthu wa cangu akadazungulitsa sikuluwu yokweza liwiro la injini, nalandira ndalama zace. Amakaniko ambiri acita cimeneci, ndipo nkubisa nthenda cabe. Mkuluyo anauza onse kuti akhale cete. Anapinda manja a malaya ace cifukwa ca fani yozungulira, nawerama, nachera khutu. Panali kumveka kaphokoso ngati ka njoka yokwiya. Anatsata paipi ya mphira yocokera ku injini kupita ku cipangizo cothandiza buleki, napeza mng'alu kunsi kwace. Ataika cala pa mng'aluwo, injini inaleka kunjenjemera nthawi yomweyo. Atacotsa cala, inayambanso.

Mpweya wolowa pa mng'alu wotere sudzera m'kabyuleta, cotero supatsidwa petulo wace. Pa liwiro lalikulu injini siumva, koma poima, pamene cakudya cace ncocepa kale, uli ngati madzi othira m'ndiwo za munthu mmodzi.

Magalimoto ambiri a masiku ano alibe kabyuleta. Petulo ayesedwa ndi kompyuta. Komabe nthenda yomweyi iwagwira, mwaye ukamata pa citseko ca mpweya kapena paipi ikang'aluka, ndipo khutu la makaniko likali ndi nchito.

Mnyamata anati, "Agogo, tingomanga ndi malegeni."

Mkulu anakana kwa mtu wa galu. "Malegeni ukamangire katundu pa njinga. Iyi ndi paipi ya buleki."

Anakagula paipi yatsopano, ndipo mtengo wace sunafike pa mtengo wa thumba limodzi la nshawa. Injini itatentha bwino, ndi pamene mkulu anagwira sikuluwu ija, naizungulitsa pang'ono kwambiri. Anakhala pambali pa mnyamata, namuuza kuti ayende mpaka ku msika, aime kasanu panjira. Pa msika mkulu anatsika kukagula fodya wace wa m'mphuno, nasiya vaneti irikulira yokha.