Mayi wochotsedwa mabere avale chiyani?

Azimayi anzanga a kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi midzi yonse ya m'malire, lero tikambe poyera nkhani imene ambiri amainong'ona kuseri kwa nkhokwe. Ine ndine mmodzi wa amayi amene madokotala adawachotsa mabere onse awiri chifukwa cha matenda a khansa. Papita zaka zitatu tsopano, ndipo ndikulima, ndikutunga madzi, ndikupita kumsika monga kale. Koma azimayi akandipeza ndekha, funso lao limakhala limodzi: "Nanga amayi, mumavala bwanji?"

Funsoli nlofunika. Muno m'Mozambique, khansa ya m'mabere ndi yachiwiri pa khansa zogwira amayi, yoyamba ndi ya khomo la chiberekero. Alipo amayi amene amamva kabulu kolimba m'bere nangokhala chete miyezi ndi miyezi, poopa kuti akapita kuchipatala akabwerako pachifuwa pali see, anthu nkumawaloza chala. Manyazi a chovala amachedwetsa munthu mpaka nthenda itafalikira. Nchifukwa chake ndaganiza zofotokoza zimene ndaphunzira.

Masabata oyamba munthu akachoka ku opareshoni, manja sakwera bwino m'mwamba. Diresi kapena sikipa yovalira kumutu imasanduka mdani. Chofunika ndi bulauzi yomanga mabatani kutsogolo, yotakasuka, yansalu yathonje yofewa. Ine malaya akale a bambo a kunyumba ndiwo adandisunga. Nthawi imeneyo pamakhalanso timapaipi totulutsa madzi a pabala, tokhala ndi kabotolo kumapeto kwake. Mng'ono wanga adasokera matumba awiri mkati mwa malayawo kuti timabotoloto tisamalendewere ndi kukoka bala. Nsalu ya nayiloni imasunga thukuta ndipo imayabwitsa chipsera, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likaswa mtengo.

Vuto limene palibe adandichenjeza ndi la kapulana. Tonse tidazolowera kumanga chitenje pachifuwa popita kukasamba kapena pokhala pakhomo madzulo. Sitiganiza nkomwe kuti chimene chimaigwira nsaluyo ndi mabere. Akachoka, kapulana imangotsetsereka mpaka m'chiuno. Njira ndi ziwiri. Mutha kupingasa nsonga ziwiri kutsogolo ndi kuzimanga kumbuyo kwa khosi, kapena kupempha telala asokerepo timalamba tiwiri ta pamapewa. Musagwiritse pini pafupi ndi chipsera, chifukwa khungu la pamenepo limachita dzanzi, mutha kudzibaya osamva. Dzanzi lomwelo limachititsa kuti munthu asamve kutentha akayandikira moto, choncho pophika pachifuwa pakhale pophimba. Chipsera chatsopano sichifunanso dzuwa.

Kubereka mwana nakonso kumasintha, pakuti mfundo ya mbereko imagwera pachipsera penipeni. Mdzukulu wanga ndidayamba kumubereka anamwino atandiuza kuti bala lapoleratu, ndipo ndimapinda kansalu kofewa nkuika pansi pa mfundoyo.

Pali chinthu china chimene chikhudza moyo weniweni. Pochotsa bere, nthawi zambiri madokotala amachotsanso anabere a m'khwapa, amene amathandiza madzi a m'thupi kuyenda. Akachoka, mkono utha kutupa, mwina patapita miyezi, mwina zaka. Chifukwa cha ichi manja a bulauzi asathine, lastiki asalume mkono, zibangili ndi mphete zikhale zokhwepa. Kumunda ndi kunkhuni valani malaya a manja aatali, popeza kabala kakang'ono ka minga pamkono wotere kamatukusira msanga. Mkono ukayamba kulemera, kufiira kapena kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Amene apita ku Maputo kukawotcha khansa ndi makina, chithandizo chimene chidayamba ku Hospital Central de Maputo m'chaka cha 2019, khungu lao limakhala lanthete kwambiri, ndipo afunika nsalu yofewa koposa.

Tsono bala likapola pamabwera chisankho chachikulu: kuika mabere oyerekeza kapena kuyenda pachifuwa pali chomwecho. Kumizinda ikuluikulu amagulitsa mabere a silikoni olowetsa m'kamisolo, koma ngodula, ngolemera, ndipo amatentha. Kumudzi kuno munthu atha kusoka timatumba tiwiri ta nsalu yathonje, nkudzazamo thonje kapena tizidutswa ta nsalu, nkutilowetsa m'thumba losokeredwa mkati mwa kamisolo. Kamisoloyo ikhale yopanda waya, ya malamba aakulu. Popeza pansi palibe choigwira, imakonda kukwera kukhosi munthu akakweza manja, motero ena amasokerera kalamba koimangirira ku siketi.

Ife ochotsedwa onse awiri tili ndi mwayi umodzi umene wochotsedwa bere limodzi alibe. Iye thupi limalemera mbali imodzi ndipo chovala chimapendekeka, pamene ife mbali zonse nzofanana. Tikafuna kuyenda opanda choikamo, palibe chotiletsa. Ine ndidasoka timatumba tija, ndipo ndimativala paukwati kapena ndikavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, imene idasokedwa pa thupi langa lakale. Masiku ena onse sindiika kanthu. Kumunda timatumbato timasuntha, timanyowa ndi thukuta, ndipo khasu silifunsa za maonekedwe a munthu.

Posankha zovala za kaunjika, zija timati kalamidade, kaya ku Ulónguè kaya kumsika wa Lizulu, ndimayang'ana zinthu zitatu. Khosi lisakhale lotsika, chifukwa ukawerama posesa kapena popalira limayasama nkuonetsa chipsera. M'khwapa musakhale moboola kwambiri, pakuti ena timatsala ndi kamnofu m'mbalimo. Kutsogolo kusakhale kosokedwa motsata mabere, chifukwa nsaluyo imatsala ili phwaa ngati thumba lopanda ufa. Zondikhala bwino ndi za makwinya pachifuwa, za matumba kutsogolo, ndi za maluwa ambiri. Kapulana ya mawanga owala, yosokedwa ndi telala amene wakuyeza monga ulili lero, imaposa diresi la m'sitolo. Telala muuzeni zoona, musamusiye aganizire yekha. Ngati muchita manyazi ndi wamwamuna, atelala aakazi alipo. Mu Juni ndi Julayi, chisanu cha kuno kumapiri chimalowa kwambiri pachifuwa chopanda mnofu, ndiye juzi ndi mpango wapakhosi zisamakhale patali.

Alipo anthu amene amandiuza kuti ndiziika timatumba tsiku lililonse kuti ena asadabwe. Enanso amati kuika nkudzinamiza. Onsewa ndimawayankha mwaulemu kuti thupi limene lidagona pa tebulo la opareshoni ndi la mayiyo, ndipo iye ndiye adziwa pamene pakuwawa ndi pamene pakuyabwa. Wofuna kuika aike, wosafuna asiye. Inu azibambo, apongozi ndi ana, ntchito yanu ndi kugula nsalu yofewa ndi kulipira telala. Mayiyo asankhe yekha.

Ine ndimayenda poyera chifukwa ndikufuna mayi amene ali ndi kabulu m'bere andione ndili moyo, nditatchena kapulana yanga, ndikugulitsa mbatatesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukamva chotupa m'bere kapena m'khwapa, mukaona nsonga ya bere yalowa mkati, ikutuluka magazi, kapena khungu lasintha, musadikire mwezi wa Okutobala umene a zaumoyo amalengeza za matendawa. Pitani kuchipatala chapafupi sabata lomwelo. Zotupa zambiri sizikhala khansa, ndipo khansa yopezeka msanga nthawi zina amangochotsa chotupacho bere nkutsala.