Mufuna kukaona Japan? Chilimba chiyambe manje

Mukakwela minibasi ya ku Bwacha kapena ku Makululu, yang'anani bwino pa chitseko. Tumalemba tuja tooneka monga tumitengo tosanjikiza, twamene na kondakita sangatiwelenge, ni Chijapani. Basi ija isanabwele kudya fumbi ya kuno, inali kugwila nchito ku Japan, ndiye inakwela chombo, nakutsikila ku Dar es Salaam, nakulowela pa Nakonde. Hiace, Corolla, Vitz, Noah, zonse njila imodzimodzi. Motoka zao tizidziwa mpaka ku sipana, koma dziko yamene zichokako ambili aife tiiona chabe mu ma anime pa foni.

Kabwe na Japan adziwana kupitilila pa motoka. Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma unatisiyila mtovu mu dothi, ndipo wa ku Chowa na ku Kasanda safunika kuuzidwa nkhani iyi. Kuyambila mu 2016, akatswili a ku Hokkaido University pamodzi na a ku UNZA anali kubwela kupima dothi, ziweto na magazi a anthu kuno. Nchito iyo anaipatsa dzina yakuti KAMPAI, ndipo dzina iyi ili na nthabwala mkati: ni liu yamene Ajapani amakamba pogundanitsa mabotolo asanamwe. Ngati muli na mwana wamene anapimidwa magazi nthawi ija, ulendo wa ku Hokkaido si wa selfie chabe.

Manje tikambe za nyengo, chifukwa apa ndiye pamene mwana wa Kabwe angasokonezeke. Nthawi yao yotentha ni June, July na August, pamene ise kuno tili kuota mbaula na kugona na masokosi. Mukanyamula majuzi ya pa salaula mudzalila. June mpaka pakati pa July ni mvula, ikatha kubwela kutentha kwa chinyontho, kuja kwakuti shati imamatila pa msana mukali chabe kuyembekeza sitima. Kutentha kwathu kwa mu October ni kouma, mukakhala pansi pa Big Tree mupumako. Ku Tokyo na ku Kyoto mthunzi suthandiza kwenikweni. Ku Hokkaido kuli bwinoko chifukwa ni kumpoto.

Nanga muvutikila chani? Chifukwa ndiye nyengo ya zikondwelelo. Ku Kyoto, Gion Matsuri itenga mwezi wonse wa July, ndipo pa 17 na pa 24 amakoka ngolo zazitali monga nyumba zam'mwamba, kukoka na zingwe, palibe injini. Ku Tokyo, Chiwelu chothela mu July, makombola amaphulika pa mtsinje wa Sumida, anthu atavala yukata, mkanjo wopepuka wa nyengo iyi. Koma ine, monga munthu wamene nchito yake ni kuzungulila ma show, ningasankhe Awa Odori ya ku Tokushima, pa 12 mpaka 15 August. Ng'oma, zitolilo, magulu ovina mumsewu usiku. Wamene anapitako ku Nc'wala kapena ku Kulamba adzamva monga ali pakhomo. Chenjezo chabe: masiku amenewo ndiye ya Obon, pamene Ajapani amabwelela kwao kukakumbukila makolo amene anamwalila. Ganizilani station ya mabasi pa Khisimasi. Sitima zidzala, malo ogona akwela mtengo, ndiye bukani kukali miyezi.

Viza ndiye nkhani ikulu. Pasipoti ya Zambia siloleka kulowa mu Japan yopanda viza, ndipo viza ipezeka ku ofesi ya kazembe wa Japan mu Lusaka, pa Haile Selassie Avenue. Kuchoka pa Kabwe ni makilomita pafupifupi 140, mupita m'mawa nakubwela tsiku lomwelo. Adzafuna pasipoti, chithunzi, mapepala a ku banki, umboni wa nchito kapena bizinesi, na pepala yoonetsa kuti tsiku lililonse mudzakhala kuti. Ndalama yobweleka kwa amalume yamene yagwela mu akaunti dzulo sioneka bwino. Iwo afuna kuona kuti muli na chokubwezani kuno. Ndiye chifukwa chake chilimba kapena village banking iyambe chaka chisanafike, ndipo ndalama izipita mu banki mwezi na mwezi, osati pansi pa matilesi.

Mwandi, samalani na ma ajenti a pa WhatsApp, aja okamba ati lipilani chabe, viza na nchito ya ku fakitale tizakukonzelani. Viza ya mlendo silola kugwila nchito. Mukapitilila masiku amene anakupatsani nakugwidwa, akubwezani ndipo chitseko chingatsekedwe zaka 5. Ngati mtima wanu uli pa kukhala kuja, funsani ku ofesi ya kazembe yomweyo za sikolashipu ya boma la Japan ya MEXT. Ndiye njila yoongoka.

Ndeke yochoka pa Kenneth Kaunda International Airport kupita Tokyo mosaima kulibe. Musintha ku Addis Ababa, ku Dubai kapena ku Doha, ndipo tsiku lathunthu lithela mu njila. Tikiti yeka ingadye malipilo a miyezi ingapo, ndiye osanama ati ni ulendo wochipa.

Mwana wa town ya sitima sangabwele osakwela Shinkansen. Inayamba kuyenda pa 1 October 1964, mwezi womwewo wamene tinatenga ufulu. Ndipo tinautengela pamaso pao: ku Olympics ya Tokyo chaka chimenecho, timu yathu inalowa monga Northern Rhodesia, nakutseka masewela pa 24 October ili Zambia. Mu 1991 ba Samuel Matete anatenga golide mu Tokyo momwemo, ndipo mu 2021 Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu zitatu mu masewela awili otsatana ku Miyagi. Akakufunsani kwamene muchokela, muli na poyambila. Tokyo kufika Kyoto ni maola awili na mphindi zochepa. Tikiti ya Japan Rail Pass ya masiku 7 inakwela kufika 50,000 yen mu October 2023, ndiye ngati muzungulila matauni awili chabe, gulani tikiti wamba.

Zina ni zazing'ono koma zichititsa manyazi. Nsapato zivulidwa pakhomo, ndiye masokosi obooka asale ku Katondo. Mu sitima sakamba pa foni, nkhani zanu za landilodi zidikile. Osasiya tipu pa tebulo, angakuthamangileni kukubwezelani. Timitengo todyela osatiimika mu mbale ya mpunga, chifukwa amachita tero pa malilo. Ngati muli na tattoo, malo ambili osambila madzi otentha a onsen adzakukanizani. Mabini mumsewu ni osowa, chipepala chanu muyenda nacho mpaka ku hotelo.

Chaja yanu ya mapini atatu siingalowe mu soketi yao, gulani adaputa mukali kuno. Ndipo nthawi yao ili patsogolo na maola 7: mukafuna kuuza amai kuti mwauka bwino 07:00 ya ku Tokyo, kuno ni pakati pa usiku, ndipo foni ikalila nthawi iyo adzaganiza kuti kwagwa malilo.