Bodza langa la ku Bandawe

Ndiyambe ndi kuulula, poti ena mwa inu munali m'kalasimo tsiku limenelo. Ndinkaphunzitsa Folomu 3 za mishoni ya Livingstonia, ndiye mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, kodi ku Bandaweko munafikako?" Ndinati eya, kangapo konse. Linali bodza lamkunkhuniza. Ndinali nditakhala pa boma la Nkhata Bay pano zaka 6, koma njira imene ndinkaidziwa inali yokwera ku Mzuzu kokha, kukatenga malipiro ndi kubwerako. Mwanayo kwawo kunali komweko. Sanatsutse, anangondiyang'ana n'kuwerama.

Chinandiwawa kwa nthawi yaitali. Ndiye Seputembala wina, tchuthi chili pafupi kutha, tinasonkherana ndalama ya petulo anthu atatu: ine, madamu a Biology ndi bambo wina wa Geography amene ali ndi kagalimoto kotopa koma kokhulupirika. Tinanyamuka 6 koloko m'mawa kulowera kumwera pa msewu wa M5.

Aphunzitsi anzanga, mukafuna ulendo umenewu musankhe mwezi womwewu. Mvula kulibe, choncho simuopa matope mukapatuka pa tala kulowera kunyanja. Mwera umene umavutitsa asodzi kuyambira Meyi umakhala ukuzilala, ndipo kutentha kwa Okutobala kusanafike. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mitengo. Mombo ndi anzake amaphukira mvula isanagwe, masamba ake atsopano ofiira ngati moto, ena ofiirira, kenako n'kudzabiriwira. Madamu anatiuza kuti mitengoyi imakhala ikugwiritsa ntchito chakudya ndi madzi zimene inasunga m'mizu. Phiri lonse psuu, pansi pali gwa. Vuto n'limodzi: utsi wa moto wa m'tchire umaphimba kutsidya, ndiye mapiri a kumeneko musawayembekezere.

Ndikuchenjezeninso kuti poyamba nyanja simuiona. Msewu umayamba wadutsa kumtunda, m'minda ya rabala ya Vizara. Tinaima kuona mmene amachekera khungwa mopendeketsa kuti utomoni woyera udonthere m'kakapu. Anyamata amagulitsa mipira ya rabala yemweyo m'mbali mwa msewu. A Geography anagula umodzi ati n'chothandizira kuphunzitsa, koma pano ukusewera ndi ana awo.

Nyanja inatulukira tikuyandikira Chintheche, pafupifupi makilomita 40 kuchokera pa boma. Chapatali panali chinthu chakuda chikukwera kuchokera m'madzi, ine n'kumati boti likupsa. Anandiseka. Zinali nkhungu, tizilombo touluka timene mphutsi zake zimakulira m'madzi akuya n'kutuluka tonse pamodzi. Anthu akuno amazikola ndi madengu n'kuumba ndiwo. Zaka zonsezi ndinkaziona zitafera pa babu la pakhonde, osadziwa kochokera.

Tsono Bandawe. Manotsi anga amati Dr Robert Laws ndi anzake anasamutsira mishoni kuno kuchoka ku Cape Maclear mu 1881 chifukwa cha malungo, ndipo mu 1894 anakakhazikitsa likulu ku Khondowe. Mizere iwiri basi, ana n'kuloweza, mayeso n'kukhoza. Koma nditaima pa manda a amishoni pafupi ndi tchalitchi chakale cha njerwa, n'kumawerenga miyala ija, ndinamvetsa chifukwa chake anasamukanso kachiwiri. Malungo anawapezanso kuno. Ena anafa akadali achinyamata, ocheperapo kuposa aphunzitsi amene angotuluka kumene ku koleji. Malo okongola zedi, mchenga woyera, kamphepo kayaziyazi, koma udzudzu uli pomwepo. Mwana atandifunsa lero kuti bwanji anathawira kuphiri, ndingamuyankhe osatsegula kope.

Mkulu wina amene tinamupeza pamenepo anatilonjera m'Chitonga, ine n'kumangoti "yewu, yewu" chifukwa ndi liwu lokhalo limene ndinali nalo. Ndinamufunsa za Chifira, iye n'kuloza ndi ndodo kuti si patali. Mwaonatu. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, kwawo n'kumeneko. Ine ndinkamuphunzitsa ngati munthu wa ku Joni, dzina la m'buku, pomwe ana ena m'kalasi mwanga amatunga madzi m'dera lomwe iye anakulira. Apa ndiye ndinachita manyazi kuposa a bodza lija. Ndinali ndikuwauza mbiri yawo yomwe ngati ya alendo, ndipo sindinawafunsepo n'kamodzi komwe zimene agogo awo amanena.

Nkhomaliro tinadyera ku Kande, kondowole ndi batala wootcha. Ine wa nsima ya chimanga kondowole ndimalimbana naye, koma ndi njala ya tsikulo mbale inayera. Pobwerera tayala linaphulika, sipeya nayenso anali wopanda mpweya, ndiye tinakhala maola awiri pansi pa mango tikudikira mnyamata wa njinga amene anapita nalo kukamatitsa. Chodabwitsa n'chakuti m'maola awiri amenewo sitinatchule za malipiro kapena kukwezedwa pa ntchito. Amene mumadziwa macheza a m'sitafu mukumvetsa kuti chimenechi n'chozizwitsa.

Tinatsikira m'tauni kutada, nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati mudzi wina. A Geography anaimitsa galimoto chakudoko, pamene pa 3 Malichi 1959 asilikali anawombera anthu amene anasonkhana kufuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Pamenepo ndimadutsapo sabata iliyonse popita kumsika. Teremu yotsatira ndinatenga Folomu 4 wapansi kupita nayo pomwepo, ndipo sipanalowe ndi tambala yomwe.

Seputembala akubwerayu tikufuna tifike ku Tukombo mpaka mtsinje wa Dwambazi, pamalire ndi Nkhotakota. M'galimoto muli malo a munthu mmodzi, bola abwere ndi ya petulo ndi pampu.

Ndipo iwe mwana wanga wa kumbuyo uja, kulikonse kumene uli: ku Bandawe ndinafikako tsopano. Kamodzi kokha.